Kodi Dzina la Cosalungama Linadza ndi Azungu?

Pali mau amene amamveka kawirikawiri pakati pa anyamata ndi anamwali amene angotuluka kumene sukulu, makamaka iwo amene anakhoza bwino Cingerezi, ndipo amamveka ku Katondwe monga amamvekanso ku Lusaka. Iwo amati Cinyanja ndi cinenero ca kumunda ndi kudambo, cokhoza kuchula mapira, nsomba ndi maliro, koma cosakhoza kusenza nkhani zazikulu za boma ndi za mabwalo. Munthu akawafunsa citsanzo amathamangira ku liu limodzi lomwelo, ndilo "injustice", nanena kuti liu limeneli liribe mnzace m'Cinyanja, ndi kuti makolo analibe dzina lace cifukwa cinthuco sanacizindikire kufikira Mzungu atadza ndi mabuku ace a malamulo. Mau amenewa ndi onama, ndipo si bodza laling'ono ai, pakuti munthu wolikhulupirira amayamba ndi kupeputsa cinenero ca amace, natsiriza ndi kugwadira lamulo liri lonse lolembedwa pa pepala, ngakhale likhale lokhota ngati cikwakwa.

Liu lacilendoli liyenera kutumbulidwa monga atumbula nsomba, kuti zam'kati mwace zioneke. Liri ndi zigawo ziwiri. Cigawo coyamba, "in", ndico kukana, ndipo nchito yace ifanana ndi ya "sa" m'mau onga "wosadya" kapena "cosapsa". Cigawo caciwiri, "justice", cicokera ku Cilatini, cinenero ca Aroma akale, kumene tsinde lace ndi "ius", ndiko kuti lamulo, kapena gawo limene lamulo lipatsa munthu. Pa tsinde lomwelo panaphuka "judge", ndiye woweruza, ndiponso "injury", limene lero litanthauza bala la pathupi koma kale linali kutanthauza kulakwira munthu pamaso pa lamulo. Tsono liu limene anyamata alinyadira ngati cuma ca Angerezi siliri la Angerezi konse. Ndi lobwereka, ndipo kabwerekedwe kace kali ndi mbiri yoti munthu wa ku Luangwa akaimva aizindikira msanga.

M'caka ca 1066 William wa ku Normandy anaoloka nyanja, nagonjetsa mfumu Harold pa nkhondo ya ku Hastings, nalanda dziko la England. Minda anaigawira anthu ace, ndipo kuyambira pamenepo akulu a dziko anali kulankhula Cifalansa, makalata a boma nalembedwa m'Cilatini, pamene Cingerezi cinatsala cinenero ca olima ndi oweta nkhumba. Mlimi poitanidwa ku bwalo la mfumu anali kungoima duu, mlandu wace ulikukambidwa m'mau amene iye sanali kuwamva. Zinatero mibadwo ingapo, kufikira mu 1362 pamene panaikidwa lamulo lakuti milandu izikambidwa m'Cingerezi; ndipo cifukwa cimene lamulolo linapereka ndi cakuti anthu sanali kudziwa zimene zinali kunenedwa m'bwalo, kaya zowathandiza kaya zowatsutsa. Ngakhale pamenepo zolembedwa za mabwalo zinakhalabe m'Cilatini kufikira 1733. M'zaka zimenezo mau a Cifalansa analowa m'Cingerezi ngati madzi a cigumula, ndipo "injustice" liyamba kuoneka m'mabuku a Angerezi ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1300. Ndiye kuti Angerezi analiphunzira liuli monga analiphunzirira agogo a ku Feira, ataima pakhomo pa bwalo la eni mphamvu, cipewa ciri m'manja.

Kodi asanagonjetsedwe analibe dzina la cinthu cimeneci? Anali nalo. M'masiku a mfumu Alfred, amene analamulira kuyambira 871 kufikira 899, anali kunena "unriht", limene m'kalembedwe ka pambuyo pace linakhala "unright". "Un" ndiko kukana kwao kwa iwo eni, ndipo "right", lisanasenze matanthauzo ena onse amene liri nao lero, linali kutanthauza coongoka, cosakhota. Tanthauzo lakalelo likali ndi moyo m'mau ena. Munthu woima cilili, msana uli njo, amuchula "upright", ndipo ndi liu lomwelo achula munthu wosalandira ziphuphu. Ngondya imene mmisiri ayesa pomanga nyumba ya njerwa aicha "right angle". Liu lina lodziwika kwa mwana wa sukulu ali yense, ndilo "wrong", analilandira kwa anthu a ku Denmark ndi Norway amene anadzakhala m'dziko lao, ndipo tanthauzo lace loyamba ndi copotoka. "Unright" linalimbana ndi mau acilendo zaka mazana angapo, koma linafooka pang'onopang'ono, kotero kuti lero Mngerezi wamba salidziwanso. Silinafe cifukwa ca kusowa nzeru. Linafa cifukwa mabwalo ndi anthu ophunzira anakonda mau a ambuye ao, ndipo imfa yotere ikhoza kugwera liu la cinenero ciri conse.

Kumene liuli silinafe ndi ku Germany. Makolo a Angerezi, a mitundu ya Angle ndi Saxon, anacokera ku magombe a kumpoto kwa Germany ndi ku Denmark m'zaka za m'ma 400, kotero kuti Cingerezi ndi Cijeremani ndi zinenero za bere limodzi, monga ziri Cinyanja ndi Cinsenga, ngakhale kuti izo zinatalikirana koposa. Mjeremani kufikira lero amati "Unrecht", ndipo munthu akaliika pambali pa "unriht" aona yekha kuti ndi liu limodzi lobvala malaya awiri. "Recht" ndi coongoka ndi coyenera. "Richten" ndiko kuongola cinthu, ndiponso kuweruza. Woweruza ndi "Richter", ndipo bwalo la milandu ndi "Gericht". Ali nalonso lina lalitali, "Ungerechtigkeit", lonena za mkhalidwe wa kusalungama, koma munthu akalisenda makungwa apeza "recht" yemweyo ali pakati. Akatswiri a zinenero aulondola muzu umenewu naupezanso m'Cilatini, m'mene "rectus" ndi coongoka, "rex" ndi mfumu, ndipo "regula" ndi kamtengo kolembera mzere, kholo lace la rula imene mwana ali yense wa ku Katondwe waigwirapo m'kalasi. Kwa anthu akalewo mfumu ndi rula zinali pa cibale, cifukwa nchito yao ndi imodzi.

Tsono wonyoza uja afike pa Cinyanja, ndipo ayambe ndi kudziwa kuti mmodzi wa oyamba kusonkhanitsa mau ace m'buku anali Mjeremani. Johannes Rebmann, mmisyoni wokhala pafupi ndi Mombasa, anakomana m'zaka za m'ma 1850 ndi munthu wochedwa Salimini, amene anagwidwa ukapolo m'dziko la Acewa nagulitsidwa ku gombe, ndipo mau amene anamva pakamwa pa munthu ameneyo anasindikizidwa mu 1877. Mphunzitsi wa buku limenelo anali kapolo. Ndani angalimbe mtima kunena kuti Salimini, wocotsedwa kwao nayendetsedwa ulendo wonse uja, anali kudikira Cingerezi kuti adziwe dzina la cimene anamcitira?

Dzinalo liri pafupi, pakamwa pa nkhalamba iri yonse. Munthu wofuna nsici za nyumba amalowa m'chire nasankha mitengo yolungama, nasiya yokhota kuti ikhale nkhuni. Mubvi wosalungama sufika pa nyama. Njira yolungama ndi imene siyenda mozungulira. Kucokera pamenepo Cinyanja cinakwera naco cithunzi cimeneci kufikira pa mtima wa munthu ndi pa bwalo: munthu wolungama, cilungamo, kulungamitsa; ndipo pokana, cosalungama, kusalungama, cisalungamo. Nyakwawa ikaweruza moipa, anthu pobalalika sasowa conena. Amati yakhotetsa mlandu, kapena yapotoza mau a mboni, kapena yakondera. Akulu amatinso mlandu suola, ndiko kunena kuti cokhota sicilungama cifukwa ca kupita kwa zaka. Cithunzi ca "unriht" ndi "Unrecht" ndi comweci, osati cofanana naco cabe: anthu a ku nyanja ya kumpoto ndi anthu a ku Luangwa, osaonana ndi kale lomwe, anayang'ana mtengo wokhota naonamo mlandu woweruzidwa moipa. Ngakhale maloya, amene akonda mau a Cifalansa, ali ndi liu lao lakuti "tort", lonena za kulakwira mnzako, ndipo nalonso muzu wace ndi copotoka.

Wina adzati liu lakuti cilungamo analipanga ndi amisyoni pomasulira Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu mu 1922. Kunena zoona amisyoni analigwiritsa nchito kwambiri, nalisenzetsa katundu wa ciphunzitso cao. Koma mmisiri wosema mpini sapanga mtengo. Abemba amati "ubulungami", Atonga amati "bululami", Ashona a tsidya la Zambezi amati "kururama", ndipo konseko liu la khalidwe labwino liri pa tsinde la kuongoka. Amisyoni a mipingo yosiyana, ocokera m'maiko osiyana, amene kawirikawiri sanali kumwerana ndi madzi omwe, sakanapangana kubzala muzu umodzi m'zinenero zonsezi. Anaupeza uli m'nthaka.

Nkhaniyi ikanathera pamenepa ikanakhala mkangano wa aphunzitsi cabe. Koma m'mau amenewa muli cinthu cina cacikulu. Zinenero zonse zitatu ziri ndi mau awiri, osati limodzi. Pambali pa "right" pali "law", limene muzu wace ndi coyalidwa pansi. Pambali pa "Recht" pali "Gesetz", locokera ku "setzen", ndiko kuika. Pambali pa cilungamo pali lamulo, locokera ku kulamula. Lamulo liri ndi mwini amene analiika, liri ndi tsiku limene linayamba, ndipo wina akhoza kulifafaniza mawa. Cilungamo ciri ngati cingwe cimene mmisiri amatambasula kuti ayese khoma. Khoma ndi la mwini nyumba, koma cingwe sicimvera mwini nyumbayo. Bvuto la mnyamata wophunzira ndi lakuti liu lakuti "justice" analiona poyamba pa zikwangwani za maofesi ndi pa maina a maudindo, onga "Ministry of Justice" ndi "Chief Justice", ndipo m'mutu mwace linakhala dzina la nyumba ya boma. Pamenepo "injustice" kwa iye ndi kuswa lamulo lolembedwa, basi; ndipo munthu akadza kwa iye ndi dandaulo, funso lace loyamba ndi lakuti, "Kodi ndime yace ndi iti?" Ndime ikasowa, iye amati mlandu palibe. Mbiri ya dera lace lomwe imtsutsa.

Feira, limene lero lichedwa Luangwa, ndi liu la Cipwitikizi lotanthauza msika, ndipo malonda a pa mathiriro a Luangwa ndi Zambezi anayamba m'zaka za m'ma 1700. David Livingstone popita pamenepo mu January 1856 anapeza mabwinja a nyumba zamiyala ndi belu losweka. Posapita zaka zambiri malowo anadzukanso, koma anadzuka ndi mfuti. José do Rosário Andrade, wochedwa Kanyemba, amene dzina lace likali pa mudzi wa tsidya la Zimbabwe, ndi José de Araújo Lobo, wochedwa Matakenya, anasonkhanitsa magulu a Acikunda, nasakaza midzi ya m'cigwa m'zaka za m'ma 1870 ndi 1880, kufuna minyanga ndi akapolo. Anthu amenewa sanali zigawenga zobisala m'mapanga. Anali ndi maudindo opatsidwa ndi boma la Apwitikizi, ndipo mbendera ya boma inali kuuluka pa malinga ao. Ukapolo utatha pa pepala, mu 1899 Apwitikizi anaika lamulo lakuti munthu wakuda ali yense ali ndi mangawa a kugwira nchito, ndipo wosaigwira mwa iye yekha agwidwe. Cimeneco ndico cibalo, ndipo cinali ndi ndime zace, ndi zidindo zace, ndi akalaliki ace olemba maina, kufikira cinathetsedwa mu 1961. Mu 1917 anthu a m'cigwa ca Zambezi, kuyambira ku Barue kufikira ku Zumbo, anaukira Apwitikizi cifukwa ca kugwidwa kwa anthu okakumba miseu ndi okasenza katundu wa nkhondo. Mwa kayesedwe ka mnyamata wofunsa ndime uja, olakwa anali oukirawo, ndipo ogwira anthu anali osalakwa. Agogo amene anathawira tsidya lino ataona midzi yao irikupsa sanali kudziwa Cingerezi, koma sanasokonezeke pa za amene anakhota.

Misyoni ya Katondwe yomwe inabadwa ndi lamulo lotere. Ansembe a gulu la Ajezuiti anali ndi misyoni ku Miruru, tsidya la kum'mawa kwa Luangwa, kumtunda kwa Zumbo. Mu October 1910 ufumu wa Portugal unagwa, ndipo boma latsopano linalamula kuti Ajezuiti onse acoke m'maiko ace. Palibe amene anaitanidwa ku bwalo, palibe mboni inamvedwa. Mlandu wao unali dzina la gulu lao. Anaoloka mtsinje nakhazika misasa ku Kapoche ndi ku Katondwe, ndipo posacedwa nchitoyo inakhala m'manja mwa anzao a ku Poland. Miruru inapatsidwa kwa ansembe Acijeremani a gulu lina, koma naonso anacotsedwa pamene Germany ndi Portugal analowana nkhondo mu 1916. Zonsezi zinacitika mwa lamulo, ndipo eni liu lija lakuti "Unrecht" analawako tanthauzo lace m'mbali mwa Luangwa momwemo.

Tsidya la Angerezi zinthu zinali zofewerapo, koma cingwe cinali kupezabe makoma okhota. Msonkho wa nyumba, umene unayamba ndi masheleni 3 m'dziko la North-Eastern Rhodesia mu 1901, unatulutsa amuna m'midzi kunka ku migodi ndi ku mapulazi a ku Harare, pakuti m'cigwa munalibe kopeza ndalama. Citupa cinali lamulo. Kugulitsa munthu wakuda nyama pa kazenera ka kumbali, Mzungu alikusankha yace m'kati, lamulo silinali kukuletsa, ndipo anthu a ku Lusaka anacita kunyanyala mabuchala mu 1954 kuti amvedwe. Citaganya ca 1953 cinaikidwa ndi nyumba ya malamulo ya ku London, mafumu ndi anthu atakana poyera. Pomanga dziwe la Kariba, kumtunda kwa Zambezi yemweyu, Atonga okwanira 57,000 anasamutsidwa, ndipo mu 1958 apolisi anaombera ena okana kusamuka, nafa anthu 8. Kusamutsako kunali ndi cikalata cace cosainidwa bwino.

Pali ndime imodzi ya nthawi imeneyo yoyenera kuiyang'anitsitsa. Pamene boma linazindikira mabwalo a mafumu mu 1929, ndi kuwakonzanso mu 1936, linati mabwalowo aziweruza potsata mwambo, pokhapo ngati mwambowo sutsutsana ndi cilungamo ca cibadwidwe kapena makhalidwe oyenera. Ndipo lamulo la mabwalo aang'ono la 1966, dziko litalandira kale ufulu, linasunga mfundo yomweyo. Atsamunda polemba ndime imeneyi anabvomera okha cimene mnyamata wophunzira alikukana, cakuti pali muyeso woposa lamulo, ndi kuti lamulo likhoza kuyesedwa nilipezeka lokhota. Colakwika cao cinali cakuti cingweco anacisunga m'dzanja limodzi. Bwanamkubwa ndi ma DC ace anali kuyesa naco mwambo wa Ansenga ndi Acikunda, koma panalibe ndime yopatsa mfumu Mburuma mphamvu ya kuyesa naco citupa.

Amene anaphunzira phunziro limeneli mowawa koposa ndi Ajeremani eni ace. M'cinenero cao muli msampha, pakuti "Recht" litanthauza coongoka, komanso litanthauza malamulo onse a dziko pamodzi, kotero kuti n'kwapafupi kuganiza kuti ziwirizi ndi cimodzi. Hitler atatenga boma mu 1933, nkhanza zace zambiri anazibveka malaya a lamulo. Malamulo a ku Nuremberg a 1935 analanda Ayuda unzika ndi kuwaletsa kukwatirana ndi Ajeremani ena, ndipo oweruza ophunzira bwino anakhala pa mipando yao nawatsata ndime ndi ndime. Mmodzi wa amene anaona cimene boma lotere licita anadzakhala mbusa wa Akatolika a ku Katondwe. Adam Kozłowiecki, Mjezuiti wa ku Poland, anagwidwa ku Kraków mu November 1939, natumizidwa ku Auschwitz mu 1940, ndipo kucokera kumeneko ku Dachau, kumene anakhala kufikira anamasulidwa mu April 1945, osaweruzidwa mlandu uli wonse. Anafika m'dziko lino mu 1946, nakhala Arkibishopu woyamba wa Lusaka mu 1959, ndipo anali mmodzi wa atsogoleri a mpingo amene anatsutsa tsankho la khungu m'masiku a Citaganya. Mu 1969 anatula udindo kuti ulowedwe ndi mwana wa dziko, ndipo anamwalira mu 2007.

M'caka comwe iye anafika kuno, mu 1946, katswiri wa malamulo wochedwa Gustav Radbruch, amene anakhalapo nduna ya za cilungamo ku Germany nacotsedwa nchito ya uphunzitsi ku Heidelberg mu 1933, analemba nkhani yaifupi imene inachuka ndi mau awiri, "gesetzliches Unrecht", ndiko kuti cosalungama cokhala m'lamulo. Kwa maloya ambiri a nthawi imeneyo mau awiriwa anali ngati kunena kuti madzi ouma. Mabwalo a ku Germany anatsata maganizo ace poweruza milandu ya nthawi ya Hitler, ndiponso pambuyo pa 1990 poweruza asilikari amene anali kuombera anthu othawa pa khoma la ku Berlin, amene anadzikanira ponena kuti lamulo la dziko lao linawalola. Cimene Radbruch anacipeza dziko lace litasanduka bwinja, Cinyanja cicinena popanda kubvutika: lamulo losalungama. Palibe nkhalamba ya ku Katondwe imene ingadabwe ndi mau amenewo, kapena kufunsa kuti atanthauzanji.

Pano wotsutsa ali ndi funso labwino, ndipo liyenera kuyankhidwa. Iye adzati: munthu ali yense akamayesa lamulo ndi diso lace, kodi dziko silisanduka msika wa phokoso, pakuti wakuba yemwe amati anamuweruza mokhota? Funsoli ndi loona, ndipo Radbruch yemwe analiona. Iye anati lamulo liyenera kumveredwa ngakhale liri ndi zolakwika, cifukwa anthu afunika kudziwa pamene aima. Koma kukhota kwace kukafika posapiririka, makamaka pamene likana dala kuti anthu ndi ofanana, pamenepo lataya mphamvu yace. Khoma lopendekeka pang'ono aliciritsa ndi mzati, nakhalamobe m'nyumba. Logwera pa ana aligwetsa. Ndiponso cingwe sicikhala m'diso la munthu mmodzi. Pa bwalo la kumudzi mlandu umakambidwa poyera, mbali zonse zimvedwa, ankhoswe alankhula, ndipo mfumu imanga mau itamva kumene anthu apendekera. Kunena kuti lamulo likhoza kukhota sikupatsa munthu ufulu wa kuliswa pamene wafunira. Kumpatsa mau olitsutsira, ndi cifukwa colisinthira.

Komanso asaganize wina kuti cingweci cinapangidwira Azungu okha. Mwambo naonso ndi lamulo, ngakhale sulembedwa, ndipo ukhoza kukhota. Mwabvi unali mwambo, ndipo unapha anthu osalakwa amene mlandu wao unali ukalamba kapena cuma. Kulanda katundu wa mkazi wamasiye kumacitika m'dzina la mwambo. Kale wolowa m'malo mwa womwalira anali kulandira katundu pamodzi ndi udindo wa kusunga mkaziyo ndi ana. Koma anadza abale amene anaphunzira kunyamula malata, njinga ndi makina osokera, nasiya udindowo pa manda. Nyakwawa zambiri zinaona nizikhala cete, cifukwa wolandayo anali mphwao kapena mlamu wao, ndipo khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Pamenepa lamulo lolembedwa ndilo linadza kudzaongola mwambo. Lamulo la 1989 la cuma ca munthu womwalira wosasiya kalata ya masiye linagawa motere: pa magawo 100, mkazi kapena mwamuna wotsala alandire 20, ana 50, makolo a womwalira 20, ndi ena amene anali kudalira iye 10, ndipo nyumba ikhale ya wotsalayo ndi ana. Amene analimbikira kuti lamulo limeneli liikidwe sanayambe ndi kufunsa ndime, pakuti ndime panalibe. Anayamba ndi kuona mkazi alikutuluka m'nyumba ndi mphasa yokha, naticha cinthuco dzina lace.

Ambiri mwa otuluka sukulu adzakhala akalaliki, apolisi, omasulira m'mabwalo ndi alembi a mafumu, ndipo mau a anthu osadziwa Cingerezi adzadzera pakamwa pao, monga mau a mlimi uja wa ku England anali kudzera pakamwa pa odziwa Cifalansa. Mkazi wamasiye wa ku Katondwe akadzaima pamaso pa mlembi wotere nanena kuti, "Alamu anga andicita zosalungama," iye wanena mau a mlandu, olemera monga "injustice" ndi "Unrecht", ndipo sayenera kulembedwa ngati munthu wongodandaula za m'banja. Za malata, mbuzi, bwato ndi ukonde, mlembi adzapeza ndime m'lamulo la 1989. Koma lamulo lomwelo linanena poyera kuti silikhudza malo okhala pansi pa mwambo, ndipo minda yambiri ya m'dera la Luangwa, pamodzi ndi madimba a m'mbali mwa mtsinje amene apulumutsa anthu caka ca cilala, ndi malo otere. Alamu akamlanda dimba, buku la mlembi liribe conena. Mlandu umenewo upita kwa nyakwawa, ndipo ukakanika upita ku bwalo la mfumu Mburuma kapena la mfumu Mphuka, kumene udzakambidwa m'cinenero ca kumudzi, ndipo funso lidzakhala lakuti ndani anaswa mphanje pamalopo, ndani wakhala alikulima, ndipo ana a womwalirayo adzadya kuti.